Foggy wafa pa episodi yoyamba, nde Born Again yake ndi iti?

Limbani: Anthu inu ndangomaliza kumene episodi 9 ya Daredevil Born Again, sewero la pa TV lochokera m'makomiki a Marvel, ndipo mtima sukukhala pansi. Amene simunamalize musawerenge za pa gulu pano lero chifukwa ndiulula zonse, sindisunga kanthu. Funso langa ndi limodzi basi, anatengeranji dzina la Born Again pomwe nkhani ya m'buku la komiki la dzina lomweli mulibemo olo pang'ono? Ndadikira kuyambira pa 4 Malichi 2025 mpaka pano kumati mwina iyamba sabata ya mawa, mwina sabata inayo, ayi ndithu mpaka sizoni kutha

Mphatso: Ine bukulo sindinaliwerengepo koma sizoniyi ndaifila heve. Chandiwawa ndi cha Foggy Nelson basi, loya mnzake wapamtima wa Daredevil. Munthu tamudikira kuchokera 2018 kuti timuonenso, wangooneka mphindi zochepa pa bala ya Josie paja akuseka ndi mnzawo Karen, kenako chipolopolo. Ndinaimitsa kaye ndi kutuluka panja

Gift: Chimodzimodzi ine amwene. Ndipo mmene anachitira kuti Matt Murdock, loya wosaona amene ndi Daredevil, akumenyana ndi Bullseye amene waombera Foggy kukwera masitepe koma khutu lake lili pa mtima wa Foggy, ukugunda pang'onopang'ono mpaka ziii. Pamene paja anandipeza

Limbani: Malo amenewo ndi abwino sindikukana. Koma tamverani ndikuuzeni Born Again yeniyeni kuti muone chomwe ndikudandaula. Inatuluka 1986, manambala 227 mpaka 233, wolemba Frank Miller wojambula David Mazzucchelli. Karen Page m'menemo si Karen wa pa TV uyu, ndi munthu woti moyo unamusokonekera kalekale, ali ku Mexico wagwidwa ndi mankhwala osokoneza bongo, nde chibaba chitamuvuta anagulitsa dzina lenileni la Daredevil kuti apeze kamankhwala ka tsiku limodzi. Dzina lija linayenda m'manja mwa anthu mpaka kufika kwa Kingpin, mkulu wa zigawenga amene dzina lake ndi Wilson Fisk. Ndipo Kingpin sanathamangire kukamupha ayi, anayamba kumudya pang'onopang'ono ngati chiswe, ndalama ku banki kutsekedwa, wapolisi wokhulupirika kumunamizira mlandu, chilolezo cha uloya kulandidwa, mpaka nyumba yake kuphulitsidwa ndi bomba. Matt anatsala ndi zovala za m'thupi, kugona m'makwalala, mutu osagwira, kukaikira aliyense ndi Foggy yemwe. Anapita kukamenyana ndi Kingpin ali wofooka choncho nde anamenyedwa ngati mwana, kumuika mu takisi ndi kuiponya mu mtsinje. Kubadwanso komwe dzinali likunena ndi kudzuka kwa munthu amene wafika pansi penipeni pamenepo. Nde pa TV pano Matt ali ndi ofesi yokongola, chibwenzi chatsopano, nyumba yabwino, wabadwanso kuchokera kuti?

Chisomo: Aise Limbani nkhani imeneyo anaipanga kale, waiwala sizoni 3 ya pa Netflix ya 2018? Takisi mu mtsinje ilimo, asisitere a Maggie alimo, Fisk kugwiritsa ntchito a FBI kuti aononge dzina la Daredevil zilimo. Akanabwerezanso ukanadandaulanso kuti abwereza. Iyi yatsopanoyi yatengedwa kwina, Fisk kukhala meya wa New York ndi za Charles Soule cha m'ma 2017 umu, Muse wojambula ndi magazi uja ndi wa Soule yemweyo, ndipo meya kuletsa anthu ovala zigoba ndi za Devil's Reign ya Chip Zdarsky ya 2021. Nde makomiki alimo ndithu, kungoti si buku lomwe iwe umalikonda

Limbani: Ndiye akanaitchula Mayor Fisk. Dzina ndi lonjezo mani

Chisomo: Dzinalo ine ndikulimva kuti ndi la sewerolo lenilenilo, linathetsedwa Novembala 2018 patangotha mwezi sizoni 3 itatuluka, anthu anachita phokoso zaka ndi zaka pa intaneti ndi Save Daredevil yawo ija, lero labwerera ndi Charlie Cox yemweyo ngati Matt, Vincent D'Onofrio yemweyo ngati Fisk. Kubadwanso kwake ndi kumeneko

Mphatso: Chisomo iwe uli ku Joni komwe kuli Disney+, kuno ife timachita kudikira wina atiikire mu fulashi, nde usamatiuze zinthu tisanaone ngati sabata yatha ija

Chisomo: Pepani achimwene, ulendo uja ndinalakwitsa ndithu

Ankolo Wyson: Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndilankhulepo. Ine Daredevil ndinamudziwa kudzera m'timabuku ta kaunjika tomwe tinkagulitsidwa pansi pa msika pamodzi ndi manovelo akale, umapeza nambala imodzi lero ina kudzaipeza chaka cha mawa, pakati pake umangolumikiza wekha m'mutu. Chomwe ndikufuna mudziwe nchakuti mkangano wanuwu si wa lero. Munthuyu anayamba 1964 ndi Stan Lee ndi Bill Everett atavala zachikasu, zofiira zija zinabwera pa nambala 7 ndi Wally Wood. Nthawi imeneyo anali wanthabwala, wolumphalumpha ngati Spider-Man, ndipo bukulo silinkayenda malonda kwenikweni. Miller atafika 1979 ngati wojambula, kenako kuyamba kulemba yekha pa nambala 168, ndi amene anabweretsa Elektra, Stick, ndi mdima wonse womwe mukuuona ngati ndi chibadwa cha Daredevil. Kingpin amene anali mdani wa Spider-Man kuyambira 1967, Miller anachita kumubwereka. Nde Miller amene mukumuteteza kuti asasinthidweyo nayenso anasintha za eni ake. Ine sindiyang'ana ngati atsata tsamba ndi tsamba, ndimayang'ana ngati munthu ali pa TV-yo ndi yemwe uja, mwana wa womenya nkhonya amene bambo ake anaphedwa chifukwa chokana kugonja dala mu ring'i, amene masana amakhulupirira malamulo usiku manja kumuyabwa, ndipo mawa lake chikumbumtima kumudya

Limbani: Ankolo mwanena zoona ndipo ndi pomwepo pamene sizoniyi yandiperewera. Chikumbumtimacho chili kuti? Pa Netflix sizoni yoyamba ikangoonetsa ngozi ya ubwana wake timamuona Matt ali m'kachipinda kolapira akuyankhula ndi bambo mfumu a Lantom. Pano tchalitchi akungochidutsa panja

Ankolo Wyson: Icho nde ndikuvomereza mwana wanga. Ine monga mkatolika chinandikoka pa sewero lija ndi chimenecho, munthu kupita kukalapa tchimo lomwe sanachite koma akudziwa kuti achita usiku womwewo, ndipo wansembe osamuthamangitsa komanso osamunyengerera. Amakhala pansi ndi khofi kukambirana ngati mdyerekezi alipodi. Pano zimenezo zachepa kwambiri. Koma taonani mbali ina, munthu woti anaponya Bullseye kuchokera pa denga ndi cholinga choti afe, anaphwanya lamulo lake lomwe loti saapha, kungoti winayo anapulumuka. Munthu wotero kuima pakhomo la tchalitchi ndi kulephera kulowa, ine ndikuzimvetsa. Tilipo ambiri tinakhalapo zaka osalandira chifukwa cha manyazi a mumtima. Vuto ndi loti olembawo sanakhalitsepo pamenepo, anathamangira kwina

Gift: Kuthamanga kumeneko kuli ndi chifukwa chake. Sizoniyi anaisoka kawiri. Poyamba analengeza maepisodi 18, anajambulako angapo 2023, kenako kunabwera sitalaka ya olemba ndi ochita masewero ku America, akuluakulu a Marvel ataonera zomwe zinajambulidwazo sanakhutire, anachotsa olemba oyamba ndi kubweretsa Dario Scardapane amene anagwirako ntchito pa Punisher. Episodi 1, 8 ndi 9 ndi zatsopano, zapakatizo zambiri ndi zakale zongokonzedwa. Ndi chifukwa chake ukafika episodi 5 ya ku banki ija umaona ngati watsegula sewero lina

Mphatso: Ya ku banki ija ine ndinaikonda bwanji, bambo ake a Ms Marvel aja anandisangalatsa

Limbani: Yabwino payokha koma ikugwirizana chani ndi imfa ya Foggy? Munthu mnzako wapamtima wafa, ife oonera tikulira, nkhani ikupita ku banki

Mphatso: Koma moyo umatero aise, maliro akatha anthu amabwerera ku ntchito. Ine Daredevil ndinamuona koyamba mu vidiyo sho, filimu ya 2003 ya Ben Affleck ija, titalipira timakobidi tathu kukhala pa benchi mkati motentha, wotanthauzira akuyankhula Chichewa pamwamba pa mawu a filimuyo. Kingpin wake anali Michael Clarke Duncan, chimunthu chakuda chachikulu chija, nde kwa ine zaka zonsezi Kingpin anali wakuda, nditaona D'Onofrio 2015 ndinadabwa kuti amusinthiranji, kenako ndi pomwe ndinauzidwa kuti m'makomiki ndi mzungu. Nde aliyense ali ndi Daredevil wake woyamba yemwe amamuyesera enawo

Yamie: Mwayankhula zambiri za Foggy koma palibe watchula episodi 3 ndi 4 zomwe kwa ine ndi mtima wa sizoni yonseyi. Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku khothi nde mwina ndi chifukwa chake. Mlandu wa Hector Ayala, White Tiger uja, munthu anangofuna kuleretsa wina akumenyedwa pa siteshoni ya sitima osadziwa kuti omenyawo ndi apolisi osavala yunifomu, mmodzi kugwera mu njanji ndi kufa. Mboni yomwe Matt amaidalira kufika mu khothi ndi kusintha mawu chifukwa cha mantha. Anthu inu chimenechi ndimachiona ndi maso anga, munthu amene dzulo lake analumbira kuti anena zoona, kulowa m'bokosi kuyang'ana kumbuyo komwe kwakhala anthu ena ake, basi mawu kuuma, kumangoti sindikukumbuka bwana. Nde Matt posowa pogwira anaulula pamaso pa onse kuti Hector ndi White Tiger osamupempha mwini wake, mlandu anawina, usiku womwewo Hector kuomberedwa mumsewu ndi munthu wovala chibade cha Punisher pa chifuwa. Loya wawina, munthu wake wafa. Ndipo Matt yemweyo amene chinsinsi chake amachiteteza ngati diso ndi amene anagulitsa cha mnzake

Chisomo: Imeneyonso ndi ya m'makomiki a Yamie, ya Brian Michael Bendis cha m'ma 2002 umu, kungoti m'bukumo Hector anapezeka wolakwa ndipo anaomberedwa akuyesa kuthawa. Pa TV anaitembenuza kuti khothi limumasule koma msewu umuphe

Yamie: Nde ya pa TV ikuwawa kwambiri chifukwa malamulo agwira ntchito yake koma sanamuteteze. Ndinamvanso kuti Kamar de los Reyes amene anasewera Hector anamwalira ndi khansa Disembala 2023 sewero lisanatuluke, poonera nkhope yake akukamba za kwawo ku Puerto Rico ndi timachule toimba usiku tija ndinagwetsa msozi. Kenako episodi 4, bambo uja Leroy womangidwa chifukwa choba chimanga chokazinga cha shuga mu shopu. Matt akubwera monyadira kuti ndakuchepetsera masiku a kundende, iye kumuuza kuti masiku ochepa omwewo amutayitsa thandizo la boma lomwe amadyera, ndipo kumusunga m'ndendemo boma liononga ndalama zambiri kuposa kumudyetsa. Ine ndalembapo mafayilo a anthu okhala pa rimandi miyezi chifukwa cha nkhuku, achibale akusowa ya belo. Panalibe nkhonya pamenepo, panalibe chigoba, koma ndi Daredevil weniweni ameneyo

Gift: Nde mukuona chifukwa chake Punisher, Frank Castle amene amangopha zigawenga uja, amanena kuti kuzisiya zamoyo sikuthandiza. Ine kunena zoona nthawi zina ndimakhala mbali ya Frank. Fisk anamangidwa sizoni 1, anatuluka, anamangidwanso sizoni 3, lero ndi meya, akuphwanya mutu wa mkulu wa apolisi ndi manja anthu akuonerera. Bullseye anasiyidwa wamoyo sizoni 3, wapha Foggy. Chifundo cha Matt chaphetsa anthu angati?

Ankolo Wyson: Gift mwana wanga usamayankhule choncho mopepuka. Ine ndinaonapo mnyamata akumenyedwa pa depoti anthu atakuwa kuti wakuba, mphindi zisanu sizinakwane anali atagona pansi magazi okhaokha wina akuthamangira tayala. Ena mwa omenyawo anangofika osadziwa ndi chomwe chabedwa. Anamupulumutsa ndi amayi ena ogulitsa nthochi amene anamugonera pamwamba akukuwa kuti ndipheni ine kaye. Aliyense pa gulu lija ankadziona ngati akukonza dziko. Ndikaona chibade chija ndimakumbuka nkhope zimene zija

Gift: Pepani ankolo, sindikuti anthu aziphana. Ndikungoti funsolo ndi lovuta

Ankolo Wyson: Lovutadi, ndi chifukwa chake likadali lamoyo. Ndipo dziwani kuti Gerry Conway amene anayambitsa Punisher 1974 anakhala akudzudzula poyera apolisi a ku America amene amamata chibadecho pa magalimoto ndi mayunifomu awo. Sizoniyi yatenga chinthu chenicheni chimenecho ndi kuchiika mu nkhani, apolisi a Fisk kuvala chizindikiro cha Frank, Frank mwini wake kunyansidwa nawo. Apa olemba anagwira ntchito

Limbani: Za padenga mu sizoni 2 paja, Frank atamanga Matt ndi tcheni ndi kumumatirira mfuti m'manja kuti asankhe kuombera kapena kuonerera wina akufa, zinachokera kwa Garth Ennis ndi Steve Dillon 2000. Mwaona kutenga kwa m'buku komwe ine ndikufuna? Anatenga chithunzi, anatenganso funso lake. Jon Bernthal wosewera Frank uja pano waoneka kawiri kokha, ndipo ulendo woyamba uja akumukakamiza Matt kutchula dzina la Foggy ndi pomwe pokha ndinamva kuti imfa ija ili ndi kulemera

Tadala: Ndachedwa kulowa, magetsi anazima foni inathima. Ndawerenga zonse. Ine ndikufuna ndinene za mbali yomwe simunaikhudze. Achimwene anga aakulu saona, anasiya kuona ali Sitandade 6, ndipo seweroli timaonera limodzi kuyambira kale, iwo amamvera mawu ofotokoza zomwe zikuchitika aja. Mwina simukudziwa koma sizoni yoyamba itatuluka pa 10 Epulo 2015 inalibe mawu amenewo, sewero la munthu wosaona koma osaona osatha kulitsata, anthu anadandaula ndipo patangopita masiku ochepa Netflix inawaika. Kwa achimwene angawo chimenecho ndi chachikulu kuposa zonse mukukanganazi. Makomiki inu mumawerenga iwo sanawagwirepo, komiki ndi zithunzi, nde Daredevil wawo ndi mawu a Charlie Cox basi

Mphatso: Eeh asisi izi sindinaziganizepo. Nde amati bwanji za mmene amamuonetsera?

Tadala: Zina amazikonda zina zimawapweteka. Amakonda tinthu ting'onoting'ono, mmene Matt amagwirira mkono wa Foggy pamwamba pa chigongono poyenda, osati kukokedwa dzanja ngati mwana mmene anthu amawachitira iwo pokwera minibasi. Amakonda kuti Foggy amamuuza Matt kuti munthu uja wagwedeza mutu, chifukwa ndi zomwe ine ndimachita tikakhala pa anthu. Amati amene analemba zimenezo anakhalapo ndi munthu wosaona. Chomwe chimawapweteka ndi ndodo. Matt akamva kukuwa amathamangira m'kanjira ndi kuitaya ndodo yoyera ija ngati chitsotso, iwo yawo itathyoka pa ngalande tinatha miyezi iwiri tikusaka ina, anali akuyenda ndi nsungwi. Nthawi iliyonse wofotokoza uja akanena kuti wataya ndodo amangopuma mwamphamvu. Chinanso amati anthu akaonera zoterezi amayamba kuganiza kuti wosaona aliyense ali ndi makutu amatsenga, wina anawafunsapo pa ukwati ngati amamva kugunda kwa mtima wa munthu, pomwe iwo chomwe amafuna ndi choti anthu asamaimike njinga pakhonde pomwe amadutsa

Yamie: Apa mwatiphunzitsa asisi

Tadala: Koma za Foggy ali mbali ya Limbani kwathunthu. Anakhala chete episodi yonse yoyamba ija kenako anati amuphera maso ake. Osati maso oonera, Matt alibe nawo ntchito, koma munthu yekhayo amene ankamutenga ngati mnzake wamba, womukalipira akalakwa, osamumvera chisoni komanso osamuopa. Anati munthu wotero umapeza mmodzi moyo wonse. Episodi ya sizoni 1 yomwe Foggy anatulukira chinsinsi ndi kukhala tsiku lonse akumufunsa Matt ali gone pa mpando ndi mabala, kuti zaka zonsezi umandinamiza, ndi yomwe amaibwereza kawirikawiri

Limbani: Ndi zimenezo! Nelson and Murdock. Dzina la Nelson limayamba pa chikwangwani chija. Foggy alipo kuyambira nambala 1 ya 1964, zaka 60 ndi kuposa, olemba onse aja anamusunga, awa angomuchotsa mphindi 15 zoyamba kuti atidzidzimutse

Chisomo: Sikoyamba kupha munthu amene m'buku ali moyo. Ben Urich mtolankhani uja anaphedwa ndi Fisk sizoni 1 pomwe m'makomiki alipobe, ndipo mu Born Again ya Limbaniyo ndi mmodzi mwa mizati ya nkhani, anathyoledwa zala kuti asiye kulemba. Komanso anachitapo zosiyana, m'buku la Kevin Smith cha m'ma 1999 Bullseye anapha Karen m'tchalitchi, sizoni 3 anatiika m'tchalitchi momwemo tonse odziwa bukulo tikunjenjemera, amene anafa ndi bambo mfumu atamutchinga Karen. Nde anthuwa amasewera ndi zomwe tikudziwa. Ine sindikukhulupirira kuti Foggy wapitiratu. Nthawi ya Ed Brubaker 2006 Foggy anabayidwa ku ndende Matt akumva ali m'chitokosi, maliro anachitika, kenako zinadziwika kuti ali moyo boma linamubisa ngati mboni. Mark Waid nayenso anadzanamizira imfa yake nthawi yomwe ankadwala khansa. Kawiri konse

Gift: Koma apa Matt anamva mtima ukuima ndi makutu ake. Akamubweza ndekuti makutu a Matt ndi abodza, ndipo Vanessa mkazi wa Fisk analamula kuti aphedwe pachabe

Limbani: Ine ndagawanika. Ndikumufuna abwerere koma akabwerera ndekuti misozi ya Karen pa msewu paja inali yotiseweretsa. Asankhe chimodzi achiimire

Mphatso: Nanga ndewu mwaziona bwanji? Ine ya pa episodi 1 inandibhowa pang'ono, zikuoneka kuti ndi za pa kompyuta akamalumpha. Ya m'kakhonde ya sizoni 1 episodi 2 ija mpaka lero palibe yoiposa, munthu wavala malaya akuda ndi kansalu kumaso, watopa akutsamira khoma, kugwa kudzuka, kamera osadula, kukatenga kamwana kobedwa kaja

Gift: Ya ku ndende sizoni 3 ya mphindi 11 ija inaiposa

Mphatso: Yaitali inde koma ya m'kakhonde ndi yomwe inandipangitsa kumva kuti munthuyu akumva kuwawa

Ankolo Wyson: Chovala chakudacho nachonso ndi cha Miller, The Man Without Fear ya 1993 yojambulidwa ndi John Romita Jr. Koma Limbani ndikufunse, ukukumbuka mmene Born Again imathera? Matt sabwezeredwa uloya wake, sapezanso nyumba, Kingpin salowa m'ndende ngakhale mbiri yake yaonongeka. Matt amakhala wophika m'kalesitilanti ku Hell's Kitchen, wamukhululukira Karen amene anamugulitsa, tsamba lomaliza akuyenda awiri mumsewu dzuwa likuwala. Ndi chifukwa chake ndikuti mwina sizoni yomwe yathayi ndi kugwa chabe. Taona mmene yathera, mzinda uli mumdima, Fisk watsekera anthu m'makola, nyumba ya Matt yaphulika, iye watsala ndi Karen ndi anthu ochepa mu bala ya Josie. Bomba la nyumba lomwe umalifuna lija lafika pa episodi 9. Mwina pansi pomwe ukunenapo ndi pomwe wafika kumene

Limbani: Mmm ankolo apa mwandigwira. Za nyumba ija sindinazilumikize. Komabe maepisodi 9 kuti tifike pomwe buku limafika pa nambala yake yoyamba, ndi ulendo wautali. Ndidikira sizoni 2 koma Maggie akapanda kuoneka ndidzabweranso pano

Tadala: Maggie ndi asisitere amene ndi mayi ake aja eti? M'buku zinayenda bwanji? Achimwene akufunsa, ndikuwawerengera zomwe mukulembazi

Limbani: Apatseni moni achimwenewo. M'buku Matt atavulala kwambiri anakwawira ku jimu komwe bambo ake ankaphunzirira nkhonya, ndi komwe asisiterewo anamupeza. Mazzucchelli anajambula atamunyamula pamiyendo ngati chithunzi cha Maria atanyamula Yesu wotsitsidwa pa mtanda. Anamusamalira mpaka kuchira. Nde Matt anakhudza kamtanda ka golide ka pakhosi pawo ndi kukumbuka kuti anakagwirapo ali mwana m'chipatala atangochita khungu, mayi wina wosamudziwa atabwera kudzamuona. Anawafunsa maso ndi maso ngati ali mayi ake. Iwo anakana akumwetulira. Koma iye anamva mtima wawo utadumpha, anadziwa kuti akunama, ndipo sanawakakamize

Tadala: Akuti ubwerezenso pa mtima paja. Akuti bukulo likupezeka kuti, akufuna ndiwawerengere lonse ndizifotokoza chithunzi chilichonse

Ankolo Wyson: Ndili nalo la manambala onse 7 pamodzi, mwana wanga wa ku Leeds ananditumizira. Chikuto chinayamba kumatuka nde mulisamale. Tadala ubwere Lamulungu tikaweruka Misa yachiwiri udzatenge, ndipo uwatenge achimwene akowo tidzamwe tiyi, ndikufuna ndimve kwa iwo za ndodo ija

Limbani: Ine ndibwera nawo ankolo, masamba ena ali ndi mawu ochepa kwambiri, Tadala adzafuna womuthandiza kufotokoza

Tadala: Akuti bwerani ndithu, koma muzidzawerenga pang'onopang'ono, ndipo mawu a Kingpin adzawerenge ankolo